Ada Longwe ndi Utoto wa Boti

Apongozi anga aamuna, Ada Longwe, anatisiya Lachiwiri la sabata yomaliza ya Juni, belu la kusukulu litangolira la 10 koloko m'mawa. Ndinali nditawabweretsera madzi osukusula. Anaviika chala m'beseni, nati madziwo atentha kwambiri. Ndinapita kukatunga ozizira. Pobwera ndinapeza atapita. Mawu awo omaliza pa dziko lino anali odandaula, ndipo aliyense amene ankawadziwa sangadabwe nazo.

Tsopano chaka chakwana, ndipo tikukonzekera kuika mwala pamanda awo. Ndapempha kuti mbiri yawo ndilembe ndine, ngakhale sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Pali chinthu chimene ndikufuna chikonzeke. Kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche, anthu amawakumbukira ngati nkhalamba yopusa imene inawononga galimoto yamtengo wapatali poipaka utoto wa boti. Nkhaniyo sinayende choncho.

Ine si wa kuno. Kwathu ndi ku Ntcheu. Mwana wawo wachiwiri, malemu amuna anga a Benisoni, ankagwira ntchito ya katemera kwathuko. Atandikwatira anandibweretsa kwa makolo awo, iwo n'kubwerera kuntchito. Chitonga sindinkamva. Ngakhale mawu oti Ada ndi Ama, kutanthauza bambo ndi mayi, ndinawaphunzirira kuno. Apongozi aakazi, Ama NyaManda, anali ndi mtsikana wa pamudzi pano amene ankamufunira mwana wawo, ndipo sanabise. Ankangonditchula kuti wa kumapiri uja. Pakhomo ponse amene ankandilankhula m'Chichewa anali Ada Longwe okha, chifukwa anakhala zaka zambiri ku Halale pamodzi ndi anthu akwathu. Komabe sitinkalankhulana maso ndi maso. Mkamwana, monga amatchulira mtengwa kuno, amagwada patali, nkhope atayang'ana kumbali.

Anali munthu wamtali, wouma thupi, wa mano ake onse mpaka tsiku lomwalira. Tayi sankasiya. Kumunda wa chinangwa ankapita atavala tayi, akafika n'kuikoleka pamtengo, pobwerera n'kuivalanso. Tiyi ankamwa 4 koloko masana m'kapu yokhala ndi kambale kake, ngakhale tsiku limene m'kapumo munali madzi otentha ndi tsamba la mandimu basi. Chakudya sankayamika. Akadya osalankhula, ndiye kuti ndiwo zakoma. Kutchalitchi ku Bandawe anakangana zaka zambiri ndi mkulu wa mpingo mnzawo pa nkhani ya nyimbo. Ankati mnzawoyo amakoka nyimbo ngati khoka lodzaza miyala, choncho iwo ankathamangira patsogolo dala, kumaliza vesi anthu onse akadali pakati. Ankakonda kunena kuti munthu wofulumira kupepesa amakhala akukonza malo olakwiranso. Iwo sindinawamvepo akupepesa.

Galimotoyo anabwera nayo kuchokera ku Halale. Mzungu amene ankamuyendetsa anawasiyira pobwerera kwawo, ngati mphatso ya zaka zonse zimene anamugwirira ntchito. Inali yaing'ono, yaifupi ngati ikukwawa, ya mipando iwiri yokha. Denga lake linali la tenti lopindira kumbuyo, mawilo a masipoko ngati a njinga. Ankati kumeneko galimoto zotere azungu ankachitira mpikisano wa liwiro. Kuno misewu yathu inkaikhula pamimba, choncho inkatuluka kawiri kapena katatu pa chaka, kupita kutchalitchi pa Khirisimasi kapena kukatenga mkwatibwi. Masiku ena onse inkakhala m'khumbi la udzu limene iwo ankati galaja. Anaipatsa dzina loti Dona. Ama NyaManda ankaitchula kuti mkazi mnzanga.

"Ine ndinawabalira ana asanu ndi mmodzi," ankatero Ama NyaManda, "sanandimangirepo ngakhale khitchini losadontha. Uyu wosabereka ali ndi nyumba yakeyake."

Mtundu wake unali wobiriwira ngati tsamba lokhwima la mango, koma dzuwa la zaka zambiri linali litaufwifwitsa. Pa boneti pankaoneka ngati pagwa fumbi losachoka. Ada sankalola sopo kuikhudza. Ankaipukuta okha ndi kachikopa kofewa. Mzungu uja powapatsa makiyi anawalangiza chinthu chimodzi, kuti asadzaipake utoto ngakhale itafwifwa bwanji, chifukwa mtengo wa galimoto zotere umakhala mu utoto umene zinatuluka nawo kufakitale. Ada ankabwereza mawu amenewa ngati vesi ya pamtima.

Mwana wawo woyamba, alamu anga a Fosita, sankagwirizana nazo. Mkangano wawo ndinadzaumva bwino pambuyo pake, nditaphunzira Chitonga, chifukwa ankaubwereza chaka ndi chaka.

"Ada, munthu akafuna kugulitsa nyumba amayamba waipaka laimu," ankatero a Fosita. "Tiitengere ku Mzuzu akaipope utoto watsopano. Ikawala, mtengo ukwera."

"Iwe Fosita, utapeza bwato logulitsa lomatidwa phula latsopano paliponse, ungaganize chiyani?"

"Kuti mwini wake amalisamala."

"N'chifukwa chake ulibe bwato. Ungaganize kuti limadontha. Utoto watsopano umabisa, ndipo wogula amadziwa kuti umabisa. Anthu a galimoto zimenezi safuna kuwala. Amafuna khungu limene inabadwa nalo."

Kuti mudziwe mmene ankausungira utoto umenewo, ndinene za wapampando wa chipani wa dera lathu. Nayenso anamwalira, n'chifukwa chake ndikutha kulemba. Ine ndisanabwere, kunamveka kuti kukubwera bwana wamkulu wochokera kuboma. Wapampando anafika pakhomo ndi anthu awiri ndi chitini cha utoto. Anati Dona atsogolere gulu lokachingamira mlendo, ndipo pazitseko ajambulepo chizindikiro cha chipani. Masiku amenewo munthu sankakana. Anthu ankatengedwa chifukwa chosowa khadi lokha.

Ada anavula chipewa nati ndi ulemu waukulu, koma ayambe aona ngati injini ikulira. Kachitsulo kena ka mu injinimo kanali kale m'thumba la jekete lawo. Anthu atatu aja anaikankha kupita kumsewu, kubwerera, kupitanso, m'mawa wonse, Ada ali pampando atagwira chiwongolero. Wapampando malaya atanyowa, Ada anamuuza modekha.

"Apampando, tangoganizani itakazimira pamaso pa bwana, chizindikiro chili pachitseko, anthu akuikankha ngati ngolo. Adzati wanyoza chipani ndani, ine kapena inu amene mwajambula?"

Wapampando ananyamula chitini chake. Potuluka anatenga mbuzi ziwiri, nati ndi mphatso ya mlendo. Ada sanadandaule za mbuzizo. Munthu ameneyu, amene anaika khosi lake pampeni chifukwa cha utoto, ndi amene anthu amati anadzuka tsiku lina n'kuupaka bulashi chifukwa cha misala.

Linali Loweruka, ndili ndi miyezi isanu pakhomo pano. Anthu onse anapita kumsonkhano wa chipani ku Chintheche. Ine anandisiya chifukwa ndinali woyembekezera mwana wanga woyamba ndipo miyendo inali itatupa. Ndinali nditamva kuti sabata yotsatira kukubwera mzungu wa ku esiteti ya tiyi kudzagula Dona. Anali ataiona kale n'kuikonda. Ndalama zake zinali zoti zigule injini ya boti ndi ukonde waukulu, kuti alamu anga asiye kupalasa mabwato a eni ake.

Pa miyezi isanu yonseyo, Ama NyaManda anandiyamikirapo chinthu chimodzi chokha, kukwecha mapoto. Anandiphunzitsa okha kusakaniza mchenga wa kunyanja ndi phulusa, kukwecha mpaka munthu adzione nkhope. Tsikulo ndinalowa m'galaja, ndinayang'ana boneti yofwifwa ija, mumtima ndinati amuna sadziwa kutsuka. Mlendo adzaiona bwanji ili ndi litsiro lotere?

Ndinakwecha ndi mtima wonse. Zobiriwira zinkatsika ndi madzi, ine n'kumati ndi ndere za zaka zambiri. Pansi pake panayamba kuoneka chitsulo choyera, chowala ngati poto watsopano. Ndinamaliza boneti, ndinamaliza chitseko cha kumanzere. Ndinkayimba.

Ada anabwerako msanga kumsonkhano chifukwa bondo linkawavuta. Sindinawamve akufika. Nditatembenuka ndinawaona ataima pakhomo pa galaja, chipewa chili m'manja. Ndinagwada. Anayandikira, naika chikhatho pa chitsulo chija, nakhala choncho nthawi yaitali.

"Mwachita chiyani, mkamwana?"

"Ndatsuka, Ada. Kuti mlendo akabwera aipeze yoyera."

Anasuzumira panja.

"Wakuonani ndani?"

"Palibe, Ada."

"Tengani mchenga wanuwo mukataye kutali. Musambe m'manja, m'zikhadabo momwe. Mukagone. Akakufunsani muziti mutu ukuwawa."

"Ada, ndalakwa?"

"Ndati mukagone."

Iwo anatsetserekera kudoko ndi bondo lawo lowawalo, kwa munthu wina wokhoma maboti. Anabwerako ndi chitini cha utoto wabuluu ndi bulashi. Pamene anthu ankafika kuchokera kumsonkhano, boneti ndi zitseko zinali zitatha, iwo ali kumbuyo kwa galimoto, tayi itadontheredwa utoto.

Ine ndinali pamphasa m'nyumba, ndikumva phokoso. Mawu ake anadzandimasulira mawa lake mlamu wanga wamkazi, akuseka mpaka misozi.

"Ada! Mwapenga?" anakuwa a Fosita.

"Si iwe unkati tiipake utoto? Ndapaka."

"Ndinkanena ku Mzuzu, kwa odziwa! Osati ndi bulashi ya kudoko!"

"Dona watopa ndi diresi limodzi."

Ama NyaManda anaomba m'manja. "Mkazi mnzanga wasanduka boti! M'ponyeni m'madzi akatigwirire usipa."

Mzungu wa ku esiteti uja anabwera Lachitatu. Ankalankhula Chichewa chothyokathyoka, choncho ndinamva zonse, nditagwada pafupi ndi thireyi ya tiyi. Anazungulira galimotoyo kamodzi. Anatola ndi chikhadabo ubweya wa bulashi umene unaumira mu utoto.

"Madala, mwachita chiyani? Mwezi watha inali bwino."

"Inafwifwa, bwana."

"Ine ndinabwerera kufwifwa komweko."

Anafotokoza kuti utoto woyamba, ngakhale ukhale ndi zipsera, umasonyeza kuti galimoto sinabise kanthu. Anati akanaipopa kugalaja yeniyeni, mtundu womwewo, mtengo ukanatsika koma akanakambirana. Koma izi, anati, ziyenera kupalidwa zonse, ndipo utoto woyamba ukapita subwerera. Kenako anatenga kiyi napala pang'ono pa boneti. Anawerama, nayang'anitsitsa.

"Apa pakwechedwa mpaka chitsulo. Munagunda chinthu?"

Ada sanandiyang'ane.

"Chiyambire kuyendetsa sindinagundepo ngakhale nkhuku. Ndakwecha ndine, kuti utoto ugwire."

Mzunguyo anatchula mtengo wosakwana ngakhale theka la injini. Ada anakana. Tiyi sanamwedwe.

Kuyambira pamenepo mawu awo anapepuka pamudzi. Anthu anawapatsa dzina loti Ada Bulashi. Pamilandu ya pabanja akayamba kulankhula, wina ankatsokomola, wina n'kunena chapansipansi kuti tamverani nzeru za utoto. A Fosita anapita kumigodi ku Joni kukasaka ndalama za injini. Anabwerako ndi chifuwa chimene ali nacho mpaka lero, injini osaigula. Kwa zaka zambiri sankakhala pamphasa imodzi ndi bambo awo.

Mwana wanga atabadwa, tsiku lina ndinawapeza m'galaja akupukuta galimoto yabuluuyo ndi kachikopa kaja, monga ankachitira kale. Ndinagwada kumbuyo kwawo.

"Ada, ndikufuna ndinene."

"Munene kwa yani?"

"Kwa onse. Akukunyozani pa mlandu wanga."

Anapitiriza kupukuta. "Mukanena, utoto ubwerera? Akubwezani ku Ntcheu, mwana atsala kuno. Ine nditsala ndi galimoto yabuluu ndi mdzukulu wopanda mayi. Ndataya chimodzi. Sindikufuna kutaya ziwiri."

Ndinayamba kulira, kuti ndithokoze. Anandidula.

"Musaganize kuti sindinakwiye. Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Koma mkwiyowo ndi wanga, si wa mudzi wonse. Nkhaniyi ndisaimvenso."

Sanandinamize. Chaka chonse sanalandire madzi akumwa kuchokera m'manja mwanga. Ndikawapatsa moni ankangoti yewu, osatembenuka. Anali munthu wotha kukubisa kumbuyo kwake koma osakusekerera. Ndipo sananenepo, ngakhale kwa akazi awo, ngakhale tsiku limene a Fosita anawauza pamaso pa alendo kuti anadya tsogolo la ana awo ndi bulashi.

Amuna anga anamwalira osadziwa. Ama NyaManda anamwalira osadziwa. Maliro a amuna anga atatha, abale ena anati wa kumapiri uja azibwerera kwawo, nyumba itsale. Ada anatenga mpando wawo nakaukhazika pakhomo panga. Anakhalapo masiku atatu, akumwera tiyi pomwepo, mpaka nkhaniyo inazilala. Zaka zawo zomaliza, maso atachita khungu, ndine ndinkawaphikira ndi kuwachapira. Ankadandaula za mchere tsiku lililonse.

Pa maliro awo a Fosita ndi amene analankhula m'malo mwa banja. Ananena za ku Halale, za tayi, za nyimbo. Kenako anati bambo athu anali anzeru pa zonse kupatula tsiku limodzi, ndipo tikupempha kuti kumwambako asawapatse bulashi. Anthu anaseka. Ngakhale abusa anabisa pakamwa ndi buku. Bokosi linali pomwepo. Ine ndinali pakati pa amayi, ndipo ndinamva ngati akuwakwirira kawiri.

Ndinadziwa kuti amene ankakhala pakhomo panga wapita, ndipo ndikanena palibe wondiimirira. Ndinadziwanso kuti anandiletsa. Koma ana anga anali atakula, ndipo chimene iwo ankateteza chinali chitatetezeka kale. Tsiku lachitatu, abale atasonkhana kuti agawe zovala za malemu, ndinagwada pakati ndi kunena zonse, m'Chitonga, kuyambira mchenga mpaka bulashi.

Kenako a Fosita anati, "Alamu, chisoni chakusokonezani. Mukufuna kuwayeretsa. Khalani pansi."

"Alamu, tengani mpeni mukapale nokha."

Tinapita tonse kugalaja. Anapala pa boneti, pansi pa buluu panatuluka chitsulo. Anapala chitseko cha kumanzere, chitsulo. Anazungulira napala chitseko cha kumanja. Panatuluka zobiriwira. Anapala kumbuyo, zobiriwira. Anapala malo ena atatu, ponsepo zobiriwira.

"Munthu wokwecha kuti apake utoto amakwecha ponse," ndinatero. "Ine ndinafika pamenepo basi."

A Fosita anakhala pansi, pafumbi. Chifuwa chinawagwira, anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya sanandiyang'ane.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana bambo anga. Inu muli pomwepo, mukundipatsa madzi osamba m'manja."

"Inde, alamu."

"Ndipo iwo ankangondiyang'ana."

"Inde."

Anadzuka napita kwawo. Zovala sizinagawidwe tsiku limenelo.

Sanandithamangitse. Sanandikhululukirenso, kapena ngati anatero sanandiuze. Pakhomo panga sanapondeponso kuyambira pamenepo. Kutchalitchi amandipatsa moni wa mutu. Koma ndinamva kuti kudoko msodzi wina atatchula Ada Bulashi, a Fosita anaima namuuza kuti bambo awo dzina lawo ndi Longwe, ndipo amene waiwala abwere amukumbutse. Iwo akudziwa tsopano. Otsala ndi inu nonse amene munaseka pamaliro, ndipo sindikukuimbani mlandu, chifukwa munaseka zimene ife awiri tinakupatsani kuti museke. Ada Longwe ankadziwa bwino lomwe chimene bulashi ichite pa mtengo wa galimoto ija. Panalibe munthu m'dera lino wodziwa zimenezo kuposa iwo.

Dona anapita mwezi wa Okutobala. Kunabwera munthu wa ku Mzuzu wogula zitsulo zakale, ndi lole. Matayala anali ataphwa kalekale, choncho anaikoka ndi unyolo, ikukanda pansi. A Fosita sanabwere kudzaonerera.

Galaja likadalipo. M'katimo muli timaenje tinayi pamene panali mawilo, ndi bala lakuda la oilo pakati, pamene sipamera kanthu ndipo nyerere zimapalambalala. Pansanamira ya kumanzere pali madontho a buluu, m'mwamba mofika phewa la munthu wamtali. Nkhuku zimafuna kuikiramo mazira. Abale akuti ndiligwetse nditengepo nkhuni. Ine ndalifolera udzu watsopano. Ndimasesamo m'mawa uliwonse, ndipo mvula ikayamba ndimalowetsamo makaka kuti asanyowe.